Musanayatse kamera: mafizo a pa foni kwa agogo othyoka msana

Ana anga amene mwangolowa kumene ntchito ya mafizo, ndikuona ambiri mwayamba kuthandiza odwala kudzera pa foni. Ena mukutero chifukwa ntchito ya boma sinatuluke, ena chifukwa wodwala amene munamuona kuchipatala anabwerera kumudzi ndipo ya thiransipoti yobwereranso yamusowa. Sindikuletsani ayi. Ine ndakalambira pa ntchito imeneyi, ndipo masiku athu wodwala akangotuluka pa geti, zathu zinkathera pomwepo. Tinkadzamva kwa achibale chaka chitatha kuti uja ali chigonere, kapena anatisiya. Foni yachepetsa vuto limenelo. Koma pali wodwala mmodzi amene ndikufuna tikambirane mofatsa musanamuimbire: mayi wachikulire amene fupa lake la msana laphwanyika chifukwa cha kufooka kwa mafupa, matenda aja a osteoporosis. Ameneyu foni ikhoza kumudzutsa pa mphasa, ikhozanso kumuthyoletsa fupa lachiwiri. Zimatengera zimene mwachita musanayambe kumuuza kuti akweze mkono.

Mukudziwa kale kuti fupa ndi lamoyo, limagumulidwa ndi kumangidwanso nthawi zonse. Munthu akamayandikira zaka 30 mafupa ake amakhala atafika polimba penipeni. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amatsika, kugumula kuja n'kuyamba kuthamanga kuposa kumanga. Fupa limasanduka ngati mtanda wa denga wofumbwa: kunja kuli bwinobwino, mkati muli ufa. Pa msana, mbali ya fupa yoyang'ana kumimba ndiyo imalemedwa munthu akawerama. Tsiku lina agogo akutula ndowa, kapena angoyetsemula, kapena minibasi yadumpha bampu, mbali imeneyo imaphwanyika n'kutitimira. Fupa limatsala lalifupi kutsogolo, lalitali kumbuyo. Izi zimakonda kuchitika pakati pa msana, cha pa T7 ndi T8, ndiponso pamene nthiti zathera, pa T12 ndi L1. Mafupa awiri atatu akatero, munthu amafupika, linunda limatuluka, nthiti zimatsikira pa mafupa a m'chiuno, mimba imatulukira kutsogolo, amakhuta atangodya mbamu zochepa, ndipo akayenda pang'ono amapuma mwawefuwefu.

Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati mwa anthu opitirira zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Mafupa a msana ndiwo amabisala kwambiri: pafupifupi awiri mwa atatu alionse othyoka sadziwika n'komwe kuchipatala. Kwathu kuno timangoti agogo akalamba, msana wawatha, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma chiwerengero chimene ndikufuna chikhale m'mutu mwanu ndi cha kafukufuku wa Robert Lindsay ndi anzake amene anatuluka mu 2001. Mwa amayi amene fupa la msana langothyoka kumene, pafupifupi mmodzi mwa asanu anathyokanso lina chaka chisanathe. Chaka chimenecho ndi chomwecho chimene inu mudzakhale mukuwaimbira foni.

N'chifukwa chake ndikunena motsindika kuti musayambe mafizo a pa foni ndi munthu amene sanaonedwe ndi maso, kugwiridwa ndi manja ndi kujambulidwa msana. Ngati simungathe inuyo, amuone dokotala kapena kiliniko ofisala wa pa chipatala cha boma chapafupi, akutumizireni zimene wapeza ndi chithunzi cha X-ray. Mabuku ambiri amene mwawerenga analembedwera mayiko amene mayi wa zaka 70 akaphwanyika fupa la msana, chokayikira choyamba ndi osteoporosis, n'kumulondolera ku makina a DXA oyezera kulimba kwa mafupa kuti akaone ngati T-score yafika pa −2.5, malire amene World Health Organization inaika mu 1994. Makina amenewo simuwapeza pa chipatala cha m'boma lanu, ndipo kusowa kwake sikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa fupa lothyoka popanda ngozi yooneka mwa mayi wosiya kusamba ndi umboni wokwanira kale. Chondidetsa nkhawa n'chakuti kuno fupa la msana limaphwanyikanso ndi TB. Limaphwanyika ndi khansa ya m'mawere kapena ya prostate imene yafalikira, ndi khansa ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma. Pa kamera ya foni onsewa amaoneka chimodzimodzi: munthu wowerama, dzanja lili kumsana.

Mtsikana wina anandiimbira za bambo ake, munthu wa zaka za m'ma 50, kuti ndiwapatse mafizo owongola msana. Anatumiza chithunzi atawajambula cham'mbali. Linunda lawo silinali lopindika mwaulesi monga la agogo ofooka mafupa. Linali lakuthwa, fupa limodzi litatumphuka pamalo amodzi. Ndinamufunsa kuti zofunda za bambo amachapa ndani. Anati ndi iyeyo, ndipo mamawa alionse bulangeti limakhala lonyowa ngakhale nyengo yozizira. Ndinafunsa za thalauza, akuti masiku ano amamanga ndi chingwe chifukwa lamba wafika pa bowo lomaliza. Ndinamuuza kuti mafizo ayambe adikira, mawa lomwelo alawire kuchipatala. Inali TB ya msana. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma ndipo amachiza, koma akachedwa munthu amafa miyendo. Mafunso amenewa muziwafunsa aliyense, ndipo muzifunsa wosamalira wodwala, chifukwa wodwala mwiniwake amachepetsa zinthu kuti asavutitse ana. Kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, ululu wosaleka ngakhale munthu atagona phee, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, dzanzi la pakati pa ntchafu ndi kumalo obisika, mkodzo wokanika kutuluka kapena wongotuluka wokha, chimbudzi chosagwirika: mukamva chimodzi mwa izi, ntchito yanu tsiku limenelo ndi kupeza galimoto. Za mkodzo, chimbudzi ndi miyendo sizidikira kuti kuche.

Musanamizenso wodwala kuti mafizo alowa m'malo mwa mankhwala. Mafizo amalimbitsa minofu ndi kuchepetsa kugwa, koma fupa lofumbwa likufuna mankhwala akeake. Alendronate, mbulu wa mamiligalamu 70 kamodzi pa sabata, amachepetsa kuthyoka kwina kwa msana ndi pafupifupi theka mwa amayi amene anathyokapo kale. Kulemba mankhwala si ntchito yanu, koma kufunsa ngati akumwa moyenera ndi yanu, poti ndinu amene mumalankhula nawo sabata ndi sabata. Amamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzaza madzi okhaokha, osati tiyi kapena thobwa, ndipo kwa mphindi 30 sadya kanthu, sagonanso pansi, apo ayi amawotcha kummero. Amene ana awo ali ku Britain kapena ku Joni nthawi zina amabwerako atabayidwa denosumab, jakisoni wa miyezi 6 iliyonse. Ameneyu sasiyidwa chisawawa. Akangodumphitsa popanda mankhwala ena olowa m'malo, mafupa a msana amatha kuthyoka angapo nthawi imodzi. Funsaninso kuti akuonetseni pa kamera jumbo yonse ya mankhwala a m'nyumbamo. Kawirikawiri mupezamo prednisolone wogula pamsika amene akhala akumwa zaka ati wa nyamakazi, ndipo ameneyu amadya mafupa. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, mafupa awo amathanso kuchepa mphamvu, koma musayerekeze kuwauza kuti asiye. Alembereni kakalata kopita nako ku kiliniki kwawo.

Tsopano za foniyo. Wodwala wanu weniweni ndi agogo, koma wophunzira wanu woyamba ndi mdzukulu. Musankheni bwino. Akhale munthu wogona pakhomopo, osati wobwera Loweruka lokha, ndipo kwa agogo aakazi akhale wamkazi, chifukwa mudzafuna kuona msana ndi chiuno, ndipo palibe gogo amene angavule bulauzi pamaso pa mdzukulu wamwamuna. Chitenje chimabisa mawondo ndi chiuno, pamene m'pamene pali nkhani yonse, ndiye pemphani mwaulemu kuti avale buluku kapena akweze chitenje kufika m'mawondo. Foni isakhale m'manja mwa mdzukulu. Aitsamiritse pa mpando mtunda wa mapazi angapo, kuti thupi lonse lizioneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, agogo ataima cham'mbali, dzuwa lili kumbuyo kwa foni. Manja a mdzukulu akhale omasuka, iye ataima pafupi ndi agogo, chifukwa agogo akadzandira inu simungatambasule dzanja kuchokera ku Lilongwe. Netiweki yathu imachedwetsa mawu, ndipo "lekani" wanu amafika zinthu zitachitika kale. Choncho chilichonse chimene mukanawachititsa muli nawo m'chipinda chimodzi, pa foni yambani ndi chocheperapo. Ndipo musanayambe dziwani dzina la mudzi, chipatala chapafupi, ndi nambala ya munthu wachiwiri pakhomopo.

Masabata oyamba ululu umakhala woopsa. Ambiri umayamba kuwasiya pakati pa masabata 6 ndi 12, ndipo kuwauza zimenezi kumawakhazika mtima pansi. Kugona masiku ochepa n'kololedwa, koma kugona mwezi wathunthu kumafooketsanso mafupa ndi minofu, kumabweretsa chibayo ndi zilonda za pogona. Ayende pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ngakhale kuchoka kuchipinda kufika pakhonde, akatopa agone chagada, pilo ali kunsi kwa mawondo, kwa mphindi 15 kapena 20. Panado womwa pa nthawi yake amathandiza kuti ayende. Brufen, indocid ndi diclofenac kwa munthu wachikulire amawononga impso ndi m'mimba akamwedwa masiku ambiri. Ndipo nenani poyera, achibale onse akumva, kuti pasapezeke wowaponda pamsana, wowakoka kapena wowathyola kuti msana ulire. Anthu amachita zimenezi mwachikondi, ndipo mukapanda kuzitchula adzachita.

Chinthu chimene foni imaposa nacho chipatala ndi ichi, ndipo ndikufuna muchigwiritse: imakulowetsani pakhomo pa wodwala. Ku dipatimenti ya mafizo timaona munthu pa bedi lalitali, pansi pali simenti yosalala. Kumudzi kulibe zimenezo. Ndiye ulendo woyamba wa pa vidiyo musaphunzitse kanthu. Onererani. Agogo ena a kuchigwa, amene mafupa awiri a msana anali ataphwanyika, ndinawapempha kuti, "Agogo, tandionetsani mmene mumadzukira m'mawa." Anagona pa mphasa, kenaka anadzikoka chagada, mutu patsogolo, msana utapindika, nkhope itachita tsinya. Atakhala tsonga anagwira pansi, n'kudzuka matako poyamba, miyendo ili chiwongokere. "Nanga kusesa?" Anatenga tsache lalifupi lija, dzanja lina kumbuyo, n'kuyamba kusesa bwalo atapinda msana pakati. Kenaka anandionetsa mafuwa ali pansi, beseni lochapira lili pansi, mtsuko uli pansi, chimbudzi chonjuta chopanda pogwira. Munthu ameneyu mukhoza kumupatsa mafizo abwino kwambiri a mphindi 20, koma tsiku lonse akuwerama kosawerengeka pa fupa lomwe lathyokalo.

Tinayamba ndi pogona. Ana anasonkha, kalipentala wa pamsika anakhoma bedi lofika m'mawondo. Podzuka anaphunzira kupinda mawondo, kutembenuka thupi lonse pamodzi, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, kutsitsa miyendo, n'kudzikankha ndi chigongono. Tsache analimangirira ku nsungwi. Mbaula anaiika pa chiunda cha njerwa, beseni pa thandala. M'chimbudzi anakumbira mtengo wogwira ndi kuikamo mpando woboola pakati. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo choopsa kwambiri ndi nthawi yoitukula ndi yoitula. Imeneyo inapita kwa adzukulu, agogo n'kutsala ndi tizigubu tiwiri tating'ono, kamodzi dzanja lililonse. Kubereka mdzukulu kumbuyo, kusinja, kupopa mjigo ndi khasu tinagwirizana kuti ziyambe zaima. Potola chinthu pansi tinagwiritsa ntchito ndodo yawo yomwe: mdzukulu anaigoneka kumsana kuti ikhudze kumbuyo kwa mutu, pakati pa mapewa ndi pa chiuno, agogo n'kumabweza matako kumbuyo, mawondo akupindika, ndodo osachoka pa msana. Zinatenga masabata kuti thupi lizolowere, pakuti kuwerama kumene munthu wakhala nako kuyambira ali mtsikana sikuchoka ndi foni imodzi.

Koma chenjerani, apa m'pamene achinyamata ambiri mumalakwitsa chifukwa cha changu. Mukandandalika zoletsa zokhazokha, banja limamva kuti agogo ndi dzira, n'kuwalanda ntchito zonse. Mayi amene wadyetsa mudzi moyo wake wonse mukamukhazika pakhonde kuti azingodikira mbale, amafooka msanga kuposa mmene matendawo akanamufooketsera. Amayamba kuopa kuyenda, miyendo imalobodoka, tsiku lomwe adzayese kupita yekha kuseri ndi lomwe adzagwe n'kuthyoka chiuno. A Royal Osteoporosis Society ku Britain, m'malangizo awo a 2018 otchedwa Strong, Steady and Straight, anatsindika zomwezi, kuti odwala aziphunzitsidwa mmene angachitire zinthu, m'malo mongoopsezedwa ndi zimene sayenera kuchita. Choncho ntchito iliyonse imene mwachotsa, ikanipo ina. Asankhe nyemba, atongole chimanga, asadzule ndiwo atakhala pa mpando wotsamira, lichero lili pa tebulo. Aphike pa mbaula yokwezedwa ija. Apite kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro akhale pa mpando ngakhale amayi anzawo ali pansi, ndipo mdzukulu akafotokozeretu kwa akuluakulu kuti asaoneke ngati odzikweza. Mawu akuti "msana wanu waphwanyika" musamawabwereze. Nenani kuti fupa likupola, ndipo tikulimbitsa minofu yoti iligwirizize.

Mafizo enieniwo si ambiri, ndipo asakhale ambiri. Mu 1984 Mehrsheed Sinaki ndi mnzake ku Mayo Clinic ku America anatsatira amayi 59 ofooka mafupa a msana. Mwa amene ankachita mafizo opinda msana kutsogolo, 89 pa 100 alionse anapezeka ndi kuthyoka kwina. Mwa amene ankachita owongola msana, anali 16 pa 100. Anali kafukufuku wochepa, koma zimene anapeza zimagwirizana ndi mmene fupalo limathyokera, ndipo malangizo a pambuyo pake, monga a Too Fit to Fracture a ku Canada a 2014, sanachoke pa mfundo imeneyo. Tsono mavidiyo ambiri a msana a pa YouTube ndi TikTok, amene ana a kutauni amatumizira makolo awo ndi mtima wabwino, ndi opangira achinyamata a msana wa mu ofesi: gwira zala za kumapazi, kokera mawondo pachifuwa, dzuka chagada, potokola chiuno mpaka chilire. Funsani banja kuti ndi mavidiyo ati ali kale m'foni, muwaone, muwauze oyenera kufufuta.

Zimene mukufuna ndi minofu ya kumsana, miyendo ndi kusadzandira. Agogo ayambe atagona chagada, akukanikiza mapewa pansi ndi kubweza chibwano. Ataima chotsamira khoma, abweze mapewa kumbuyo, atalikitse khosi, apume mokoka mpweya. Ululu ukachepa, amene angathe agone chafufumimba pilo ali pamimba, atukule mutu ndi mapewa pang'ono chabe, nkhope ikuyang'anabe pansi. Wa linunda lalikulu musamukakamize zimenezi, achite ataima kapena atakhala. Adzuke pa mpando ndi kukhalanso, poyamba akugwira, kenaka osagwira. Anyang'ame pa zala za kumapazi atagwira khoma. Aime phazi lina kutsogolo kwa linzake, kenaka mwendo umodzi, mdzukulu ali pambali. Legeni ya chubu cha njinga yomangirira pa mzati wa khonde imakwanira kukoka nayo mikono kumbuyo. Zolimbitsa minofu zichitike kosachepera kawiri pa sabata, zophunzitsa kusadzandira tsiku lililonse, ndipo muziwonjezera kulemera kwake pang'onopang'ono, chifukwa mafizo osakula sapindula kanthu. Gogo wosawerenga amawerenga bwino ndi nyemba khumi, kuchotsa imodzi m'kapu ina kuponya mu inzake.

Ndikuuzeni za kafukufuku wina amene ayenera kutichepetsa tonse a ntchito ino. Ku England, Karen Barker wa ku Oxford ndi anzake anatsatira anthu 615 othyoka msana chifukwa cha osteoporosis, mu kafukufuku wotchedwa PROVE. Ena anapatsidwa mafizo maulendo angapo, ena chithandizo cha manja, ena anangokumana ndi wa mafizo kamodzi n'kulandira malangizo. Patapita miyezi 4 panali kusintha kwina pa kayendedwe ndi kulimba kwa msana, koma chaka chitatha magulu atatuwo sanasiyane kwenikweni pa umoyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Ambiri sanathe kufika maulendo onse amene anapatsidwa. Kumeneko ndi kwa misewu yabwino ndi mabasi. Ine ndimawerengamo zinthu ziwiri. Kukhala pansi kamodzi n'kufotokoza bwino kuli ndi mphamvu kuposa mmene timaganizira. Ndipo mafizo amagwira ntchito nthawi imene akuchitidwa. Akaleka, phindu limazilala. Phindu la foni lili pamenepa. Simukuphunzitsa zachilendo zimene chipatala sichidziwa. Mukuchititsa kuti mwezi wachisanu ndi chimodzi, ululu utatha, chidwi cha achibale chitazirala, mvula itagwa ndipo aliyense ali kumunda, agogo akhale akudzukabe pa mpando uja kakhumi.

Kuti zitheke, ganizirani thumba la banjalo. Vidiyo ya ola lathunthu imamaliza bandulo, ndipo sabata yachitatu adzayamba kusayankha chifukwa cha manyazi. Vidiyo yamoyo isungireni masiku ophunzitsa chinthu chatsopano. Masiku ena mdzukulu ajambule kavidiyo kakafupi atumize pa WhatsApp netiweki ikapezeka, inu muyankhe ndi uthenga wa mawu m'chinenero cha agogowo, mukuwatchula mwaulemu ndi mfunda wawo, mukukonza chinthu chimodzi chokha. Chitsanzo chabwino choti aziyang'anira ndi vidiyo ya iwo eni tsiku limene anachita bwino, osati ya mtsikana wa ku jimu. Kumene kulibe foni ya intaneti, kuimba wamba kumathandizabe, bola munaonana kale ndipo munasiya pepala la zithunzi. Tsiku ndi ola zikhale zodziwika, foni itchajidwiretu, ndipo mukalonjeza Lachitatu imbani Lachitatu. Pofunsa musati "Mukuchita mafizo aja?" chifukwa munthu wamkulu waulemu adzakuyankhani kuti eya. Nenani kuti, "Tandionetsani aja munachita dzulo." Thupi limaulula lokha ngati lakhala likuchita.

Muziyeza, ndipo muzilemba. Mdzukulu alembe ndi khala pakhoma msinkhu wa agogo, ataima opanda nsapato, zidendene zitagunda khoma. Ayeze ndi rula ya kusukulu mpata wa pakati pa khoma ndi kumbuyo kwa mutu. Awerenge kuti pa masekondi 30 akudzuka kangati pa mpando womwewo. Manambala amenewa amalimbitsa mtima banja akamakwera, ndipo amakuchenjezani akamatsika. Msinkhu ukatsika ndi masentimita 2 kuchokera pa chizindikiro chija, akajambulidwenso ngakhale sakudandaula ululu.

Za chakudya musawalembere zinthu za m'shopu zimene sangagule. Usipa, matemba ndi kapenta zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi calcium wambiri, chimodzimodzi mawere, bonongwe, chammwamba, ndi chambiko kumene kuli ng'ombe. Vuto limene ndimaliona kawirikawiri n'lakuti agogo amasiyira adzukulu ndiwo zankhuli, iwo n'kudyera msuzi, pamene minofu imene mukuimangayo ikufuna nyemba, nsinjiro, mazira ndi nsomba. Poti amakhuta msanga, adye pang'ono kangapo. Awothere dzuwa, fodya ndi kachasu achepetse kapena asiye. Maso akapimidwe, chifukwa ng'ala imagwetsa okalamba ambiri, ndipo pa njira ya kuchimbudzi usiku pakhale tochi.

Chithunzi cha msana wa mayi wa munthu si chanu. Pemphani chilolezo kwa iye mwini, osati kwa mwana wake wolipira yekha. Musachiponye pa gulu la anzanu a m'kalasi, musachiike pa Facebook kuti muitanire makasitomala, ndipo ntchito ikatha chifufuteni m'foni, zolemba zokha zitsale m'faili. Malamulo a Medical Council of Malawi amene munalembetsa nawo sasintha chifukwa choti wodwala ali pa sikirini. Pa ndalama, amene amalipira nthawi zambiri ndi mwana wa kutali, ndipo amafuna kumva kuti amayi achira, linunda latha. Muuzeni zoona kuyambira tsiku loyamba: fupa lotitimira silibwerera msinkhu wake. Chimene tikufuna n'chakuti ululu uchepe, amayi aziyenda okha, azidzisamalira, ndipo fupa lina lisathyoke. Akakupemphani kuti mupitirize pa foni pamene inu mukuona kuti pakufunika manja, kanani, ndalamayo aigwiritse ntchito pa galimoto yopita nawo kuchipatala. Ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Kachere kuli anzanu a ntchito yomweyi. Dziwanani nawo, kuti potumiza wodwala muzitumiza kwa munthu amene akumuyembekezera.

Ngakhale mutachita zonse bwino, ena mwa odwala anu adzathyokanso. Mdzukulu adzaimba kuti agogo anangotembenuka usiku, kapena anatsokomola, ululu wakuthwa n'kuwagwira pamalo atsopano, ukuzungulira m'nthiti mpaka kumimba, ndipo lero akukanika kudzuka. Banja lidzaganiza kuti ndi mafizo anu, ndipo nanunso mtima udzagunda. Musadziteteze, musawauzenso kuti ndi minofu chabe, apitirize. Imitsani mafizo onse tsiku lomwelo. Funsani za miyendo, mkodzo, chimbudzi ndi kutentha thupi monga munafunsira poyamba paja. Akonze ulendo wa kuchipatala pa galimoto, agogo atagona kapena atatsamira bwino, osati pa kabaza. Lembani uthenga wopita kwa dokotala wonena tsiku limene ululu unayamba, pamalo pake, msinkhu umene munayeza komaliza ndi mankhwala onse amene akumwa, ndipo mufunse ngati mankhwala a mafupa akufunika kuyambidwa kapena kusinthidwa. Akabwerako imbani ndinu, musadikire iwo, muyambirenso pa kutembenuka pabedi ndi kuyenda kufika pakhonde.